Ana a Fomu 3 ndi 4 achuluka bwanji chonchi?

FUNSO: Kuno ku Zomba masekondale achuluka, a boma, apulaiveti ndi a open, ndipo ana ambiri akufika Fomu 4. Chachititsa n'chiyani? Nanga posankha sukulu tiziyang'ana chiyani? Mayi wa ku Chinamwali.

YANKHO: Mayi, nkhaniyi inayamba mu 1994 pamene boma linathetsa fizi ku pulayimale. Ana oposa miliyoni imodzi analowa sukulu mwakamodzi, ndipo atamaliza Sitandade 8 malo ku sekondale anaperewera. Sukulu yogonera komweko ngati Malosa imadya ndalama zambiri: hositelo, khitchini, chakudya. Choncho chakumapeto kwa zaka za m'ma 1990 boma linasankha njira yotsika mtengo, kusandutsa malo ophunzirira a MCDE (Malawi College of Distance Education) kukhala ma CDSS, masekondale oyendera a m'madera. Makalasi omwewo masana amalandira ana a open, omwe amadzilipirira okha aphunzitsi.

Chokankhira ana mpaka Fomu 4 ndi ntchito. Kale JCE inkakwanira kulembedwa ntchito zingapo. Lero upolisi, usilikali ndi uphunzitsi zonse zimafuna MSCE, ndipo ku yunivesite amafuna makirediti 6 kuphatikizapo Chingerezi. Kumudzi nakonso kwapanikiza. Mu 1987 Amalawi tinali pafupifupi 8 miliyoni, mu 2018 tinakwana 17.5 miliyoni, pamene minda ndi yomweyo. Nyanja ya Chilwa inaphwa mu 1995, 2012 ndi 2018, ndipo msodzi wa ku Kachulu amene anaona zimenezi sangafunenso kuti mwana wake adalire matemba okha.

Chomwe chimatidetsa nkhawa n'chakuti Fomu 3 ndi 4 ndi makalasi odula kuposa onse. Biology, Chemistry ndi Physics zimafuna labotale, mankhwala ndi mphunzitsi wosulidwa bwino, monga a ku Domasi College of Education. Makoma amamangidwa msanga, koma zinthu zimenezi zimabwera mochedwa, ndiye mwana amakaona zipangizo koyamba tsiku la mayeso a pulakitikolo.

Musanalipire, funsani ngati sukuluyo inalembetsedwa ku Unduna wa Zamaphunziro. Ofesi ya South East Education Division ili mu Zomba momwemo. Funsaninso nambala yake ya senta ya MANEB, chifukwa popanda iyo mwana adzakalembera kwina. Lowani mu labotale muone ndi maso anu, ndipo apempheni akuonetseni zotsatira za MSCE za zaka zitatu zapitazi, phunziro lililonse palokha.