Ndege yankhondo ikamayendetsedwa ndi AI, opanga amasintha chiyani?

Mmodzi mwa owerenga wanditumizira imelo yofunsa kuti: "Ngati ndege yankhondo iziyendetsedwa ndi AI, bwanji osangoipanga yoti izikhota mwamphamvu kuposa ndege ina iliyonse? Si munthu amene amaibweza m'mbuyo?"

Zikomo akulu chifukwa cha funsoli. Zoti thupi la munthu limaika malire n'zoona. Ndege ikamakhota mothina ili pa liwiro lalikulu, magazi a woyendetsa amathawira kumiyendo, m'maso mumayamba mdima, akapitiriza amakomoka. Ngakhale atavala suti yofinya miyendo ndi mimba, katswiri amapirira pafupifupi 9g, kutanthauza kuti thupi lake limalemera ka 9 kuposa masiku onse, ndipo amatero kwa kanthawi kochepa. Malire a F-16, ndege yankhondo ya ku America, alinso pa 9g pomwepo. AI, yomwe ndi pulogalamu ya kompyuta yotha kudzisankhira chochita, ilibe magazi oti athawire kumiyendo. Munthu akachoka, mpando wothawira pangozi, galasi la pamutu ndi zipangizo za mpweya wopuma zimachoka naye, malowo n'kuikamo mafuta kapena zida.

Koma mapiko nawonso ali ndi polekezera pake. Kuti asathyoke pa 15g kapena 20g amafunika zitsulo zolimba kwambiri, ndege n'kulemera, n'kumamwa mafuta ambiri, mtunda wofika n'kuchepa. Komanso ndege ikakhota mothina imataya liwiro. Nanga phindu lake n'lotani, poti mzinga woilondola umakhota mothina kuposa ndege iliyonse, ndipo nthawi zambiri umachokera kwa mdani amene sakuoneka n'komwe?

N'chifukwa chake mukaona ndege zimene zapangidwadi, nkhani yaikulu ndi mtengo. F-35 imodzi, ndege yankhondo yamakono ya ku America, imagulidwa pa madola pafupifupi 80 miliyoni, inapangidwa kuti iuluke maola 8,000, ndipo woiyendetsa amatenga zaka kuti aphunzire. Ndege yotere mkulu wa asilikali saitumiza chisawawa. XQ-58A Valkyrie, ndege yopanda munthu ya kampani ya Kratos, imene inauluka koyamba mu 2019, anaiganizira m'njira ina: imanyamuka mokankhidwa ndi roketi popanda bwalo la ndege, pobwera imatera ndi parachuti. MQ-28 Ghost Bat ya Boeing ku Australia, yomwe inauluka koyamba mu 2021 ku Woomera, ili ndi mphuno yochotseka, moti lero aikamo zida zoonera, mawa zosokoneza mawailesi a adani. Mu 2025 asilikali a ndege a ku America anatcha ndege ziwiri zoterezi mayina akuti YFQ-42A ndi YFQ-44A, zoti ziziuluka pambali pa ndege zokhala ndi anthu. Cholinga n'chakuti zikhale zambiri, ina ikagwetsedwa pasakhale maliro. Kunena kuti "zotchipa" pano n'kuyerekeza ndi F-35 basi, chifukwa iliyonse ndi ya mamiliyoni ndithu.

Pamene mutu umawawa kwenikweni ndi pa kulumikizana. Ma drone odziwika ngati MQ-9 Reaper amayendetsedwa ndi munthu ali pansi kudzera pa setilaiti. Pomenyana ndi ndege inzake zimenezi sizingathandize, popeza uthenga umachedwa, ndipo mdani amatseka mawailesi ndi GPS. Choncho ubongo wonse uyenera kukhala m'ndegemo. Kompyuta yamphamvu imafuna magetsi ambiri, imatentha, kuiziziritsa kumawonjezera kulemera, ndipo kutenthako kumaonetsa ndegeyo kwa adani. Palinso funso la zinsinsi. Mu December 2011 ndege yaukazitape yopanda munthu ya RQ-170 ya America inapezeka m'manja mwa Iran ili pafupifupi yathunthu. Ndege imene mwavomereza kale kuti ikhoza kutayika simungaiikemo chilichonse chimene simukufuna kuti mdani achitsegule n'kuchiphunzira.

Anthu ambiri amakonda kutchula mpikisano wa mu August 2020 wa DARPA, bungwe la kafukufuku wa zachitetezo ku America, pamene AI ya kampani ya Heron Systems inagonjetsa woyendetsa F-16 ka 5 iye osapambana n'kamodzi komwe. Ine sindiutenga ngati umboni waukulu. Zinachitikira pa kompyuta, AI inkadziwa ndendende pamene mnzakeyo ali, ndipo inkawombera ndege zikubwera maso ndi maso, chinthu chimene malamulo a maphunziro amaletsa anthu poopa kugundana. Zofunika kwambiri zinachitika pa bwalo la ndege zankhondo la Edwards, ku California, mu September 2023, pamene X-62A, yomwe ndi F-16 yosinthidwa, inalimbana m'mlengalenga ndi F-16 yoyendetsedwa ndi munthu. Ngakhale pamenepo m'ndegemo munali anthu okonzeka kuzimitsa AI. Mu May 2024 Frank Kendall, amene ankatsogolera nthambi ya asilikali a ndege ku America, anakweramo iye mwini.

Chatsala ndi chakuti ndani amalamula kuwombera. Lamulo la unduna wa chitetezo ku America lotchedwa 3000.09, la mu 2012 ndipo linakonzedwanso mu 2023, limafuna kuti zida zoterezi zipangidwe mopatsa munthu mpata woyenera woweruza za kugwiritsa ntchito mphamvu. Kwa injiniya, mawu amenewa amasanduka mafunso ouma: wailesi ikaduka ndege ili kale pafupi ndi chandamale, ibwerere, idikire, kapena ipitirize? Idzasiyanitsa bwanji ndege ya adani ndi yonyamula anthu imene yasochera? Mayankho ake ayenera kulembedwa mu pulogalamu ndegeyo isananyamuke, ndipo amene akulemba sadzakhalapo pa nthawiyo.