Kusintha kampani ya magetsi ndi gasi chifukwa cha cashback, yankho kwa achemwali a ku Leicester

Sabata yatha ndinalandira imelo kuchokera kwa achemwali ena omwe akukhala ku Leicester. Anabwera kuno ku UK chaka chatha, akugwira ntchito ya care, akukhala nyumba ya lendi ndi amuna awo ndi ana awiri. Nkhani yawo mwachidule ndi iyi: mnzawo wa kuntchito akumawauza kuti iye amangosinthasintha kampani ya magetsi ndi gasi ndipo ulendo uliwonse amapatsidwa cashback, ndalama ya mphatso chifukwa chosinthako, nde iwo akufuna adziwe ngati ndi zoona kapena ndi zakuba, ngati magetsi sazima panthawi yosinthayo, komanso ngati landilodi sawavuta. Anamaliza ndikunena kuti bilu ya nyengo yozizira inawasowetsa tulo.

Achemwali, zikomo polemba, ndipo funso lanuli ambiri ali nalo amangochita manyazi kufunsa. Ndi zoona ndithu, sizakuba, ndipo kusintha ndi ufulu wanu. Koma chomwe ndikufuna mumve kwa ine ndi chakuti cashback ikhale chinthu chomaliza kuyang'ana, osati choyamba, chifukwa ndalama yeniyeni siili pamenepo.

Ndiyambe ndi mantha a kuzima kwa magetsi aja. Ife tinakula ndi ESCOM imodzi, yokokera mawaya ndi yomweyo, yogulitsa mayunitsi ndi yomweyo, nde ukamva zoti usinthe kampani umaganiza kuti kubwera anthu adzadule waya ndikulumikiza wina. Kuno sizili choncho. Mawaya ndi mapaipi ali ndi eni ake ena omwe sasintha, kampani yomwe mumalipirayo ntchito yake ndi kugula magetsi ndi gasi pa msika waukulu, kukugulitsani inu ndikukutumizirani bilu basi. Mukasintha palibe amabwera kudzakumba, mita ndi yomweyo, gasi ndi yemweyo, olo kuphethira kwa babu simukuona. Nchifukwa chake magetsi akazima mumaimba 105 kaya muli ndi kampani iti, ndipo mukamva fungo la gasi nambala ndi 0800 111 999 kwa aliyense. Manambala awiriwa muwasunge mu foni lero lomwe.

Nanga ndalama ya cashback imachokera kuti? Makampaniwa akulimbirana makasitomala, nde amalipira komishoni kwa aliyense wowabweretsera munthu watsopano. Ma website ngati TopCashback ndi Quidco amalandira komishoni ija ndikukugawiraniko, Cheap Energy Club ya MoneySavingExpert, ija anayambitsa Martin Lewis, nayonso imagawako pa ma tariff ena, kutanthauza mapulani a mitengo omwe makampaniwa amagulitsa. Palinso njira ya referral, yoti mnzanu akutumizirani linki yake, mukalowa nonse awiri mumapatsidwa kangachepe. Kampani ya Octopus mwachitsanzo kwa zaka ndithu yakhala ikupereka £50 kwa aliyense mwa awiriwo, koma imeneyo imalowa mu akaunti yanu ya magetsi ndikuchepetsa bilu, siibwera m'manja. Nde ngati mnzanu uja akutumizirani linki dziwani kuti nayenso apezapo, palibe cholakwika pamenepo, bola inu muwerengetsere kaye nokha.

Kuwerengetserako ndi kumene ndikufuna tikhalitsepo. Tengani bilu yanu, ya pepala kapena ya mu app. Pali mitengo iwiri pa magetsi ndi iwiri pa gasi. Woyamba ndi unit rate, ma pence omwe mumalipira pa kWh iliyonse, ndiwo mayunitsi a kuno amenewo. Wachiwiri ndi standing charge, yomwe mumalipira tsiku ndi tsiku olo mutatseka nyumba ndikupita kumudzi mwezi wathunthu osayatsa kanthu. Penapake pa bilu yomweyo, kawirikawiri tsamba lachiwiri, pamalembedwa ma kWh omwe mumagwiritsa ntchito pa chaka. Nambala imeneyoyo ndi yomwe muyike mukamafananiza mitengo pa Uswitch kapena MoneySuperMarket, osati ndalama ya direct debit, ija kampani imadula yokha ku banki pamwezi, ayi, chifukwa direct debit ndi kungoyerekeza chabe kwa kampani, itha kukhala yochepa dala kuti mukopeke kenako pakatha miyezi ingapo nkukwera.

Ofgem, bungwe loyang'anira makampaniwa, mu 2023 inawerengera kuti nyumba yapakatikati imatha 2,700 kWh ya magetsi ndi 11,500 kWh ya gasi pa chaka. Tiyerekeze kuti yanu ili pamenepo. Ngati kampani yomwe ikukulonjezani cashback ili ndi gasi wokwera ndi 1p yokha pa kWh kuposa inzake, ndiye kuti pa chaka mwalipira £115 yowonjezera. Magetsi akakwera ndi 1p ndi £27 ina. Standing charge ikasiyana ndi 5p pa tsiku ndi £18.25 pa chaka, pa mita imodzi yokha. Nde munthu walandira £40 kapena £50 akusangalala, chonsecho watayapo yoposa £100 mwakachetechete, sakuiona poti ikuchoka pang'onopang'ono. Cashback ili ngati basela wa pamsika, amakoma ngati mulu wa tomato wagulawo unali wa mtengo wabwino kale, koma sungagule mulu wodula kawiri chifukwa choti akuyikirapo tomato mmodzi. Ine ndimati pezani kaye ma tariff awiri kapena atatu otchipa kwambiri pa chaka chonse, kenako mpamene muone kuti mwa amenewo ndi iti ili ndi cashback.

Ndipo ana awiri m'nyumba, hita ikuyaka m'mawa ndi madzulo, machine yochapira ikuzungulira daily, inu mukubwera ku night shift mukufuna madzi otentha, nkutheka kuti gasi wanu amaposa 11,500 ija, ndiye kwa inu unit rate ya gasi ndi yofunika kuposa china chilichonse. Wokhala yekha mu flat yaing'ono ndi amene ayang'anitsitse standing charge.

Mumvanso zambiri za price cap, malire a mitengo omwe Ofgem imaikira makampaniwa. Inayamba mu January 2019 ndipo pano Ofgem imaisintha miyezi itatu iliyonse, January, April, July ndi October. Anthu ambiri amaimva molakwika, amaganiza kuti nambala imalengezedwa pa nkhani ija ndi malire a bilu yawo. Ayi. Malire ali pa unit rate ndi standing charge, mukayatsa kwambiri mulipira kwambiri. Ndipo imakhudza okhawo ali pa standard variable tariff, komwe ndikukhulupirira kuti inu muli ngati simunasainepo chilichonse chilowereni m'nyumbamo, chifukwa ukangolowa nyumba umakhala kasitomala wa kampani yomwe unaipezayo pa mtengo wake wamba. Ubwino wake pamenepo palibe exit fee, chindapusa chochokera kontirakiti isanathe, mutha kuchoka tsiku lililonse.

Fixed tariff ndi yomwe mumagwirizana kuti unit rate ndi standing charge zisasinthe kwa miyezi 12 kapena kuposa, ndipo cashback yambiri imakhala pa zimenezi. Apa mpomwe nkhani ya mnzanu yomangosinthasintha ija ndimaikayikira pang'ono, chifukwa ma fixed ambiri ali ndi exit fee, ndipo amawerengera pa gasi payokha pa magetsi payokha, nde ukachoka pakati pa kontirakiti kuthamangira cashback ina umapezeka walipira yambiri kuposa yomwe ulandire. Lamulo la Ofgem limati m'masiku 49 omaliza a kontirakiti mutha kuchoka osalipira exit fee. Choncho kusintha kwanzeru ndi kamodzi pa chaka, mulembe tsikulo pa kalendala ya mu foni ikukumbutseni. Chinanso, cashback ya pa ma website aja siibwera mawa, imakhala pending miyezi ingapo mpaka kampani itsimikize kuti mwakhazikika, ndipo nthawi zina imakanidwa kumene, makamaka ngati munakana ma cookies, kapena munadina linki ya uku kenako nkukamalizira kwina, kapena munakhalapo kasitomala wawo posachedwa. Musaiyike pa bajeti ya lendi kapena ya fizi ya kumudzi, ikabwera yabwera.

Pali chifukwa china chomwe ndimalimbikira kuti anthu asamangoona mphatso. Mu 2021 mtengo wa gasi pa msika waukulu unakwera moopsa ndipo makampani ang'onoang'ono oposa 20 anagwa m'miyezi yochepa, Avro Energy inagwa mu September, Bulb yomwe inali ndi makasitomala oposa 1.5 miliyoni inalowa m'manja mwa oyendetsa apadera mu November mpaka inadzatengedwa ndi Octopus kumapeto kwa 2022. Magetsi sanazime kwa wina aliyense, Ofgem imakusamutsira ku kampani ina ndipo ndalama yomwe unali nayo mu akaunti imatetezedwa, koma mtengo wotchipa unasainira uja umathera pomwepo, ndipo kudikira kuti akaunti ilongosoke kunatopetsa anthu. Price cap yomwe kwa nyumba yapakatikati inali £1,277 pa chaka mu October 2021 inafika £1,971 mu April 2022, ndipo nthawi imeneyo cashback inasowa kumene chifukwa panalibe kampani yofuna makasitomala atsopano. Nde musanasaine onaniko mndandanda wa Citizens Advice, bungwe lopereka uphungu waulere, womwe umasonyeza momwe kampani iliyonse imasamalira makasitomala, kaya amayankha foni, kaya madandaulo ndi ochuluka bwanji.

Za landilodi ndi zachidule. Ngati bilu imabwera m'dzina lanu ndipo mumalipira nokha ku kampani, ufulu wosintha ndi wanu, mungowadziwitsa mwaulemu, ndipo muwerenge tenancy agreement chifukwa ena amalemba kuti potuluka mudzabwezere kampani yakale. Ngati lendi yanu ndi ya bills included ndiye kuti akaunti ndi ya landilodi, pamenepo palibe chomwe mungasinthe.

Munati bilu ya nyengo yozizira inakuvutani, nde ndifunse mosabisa, pali ngongole yotsala? Ngati ilipo ndipo yadutsa masiku 28 chilandirireni bilu, kampani yakale itha kutsekereza kusinthako mpaka mulipire. Ngati muli pa prepayment, ija yothira mayunitsi pa kiyi kapena khadi ku shopu, ngongole yosaposa £500 pa gasi ndi £500 pa magetsi mutha kusamuka nayo kupita ku kampani yatsopano. Ndipo ngati mukulephera kulipira musabisale chonde, aimbireni, malamulo amawakakamiza kugwirizana nanu kalipiridwe komwe mungakwanitse. Dziwaninso kuti makampani ena amapanga credit check, nde kwa inu obwera kumene omwe mbiri ya credit idakali yochepa ena atha kupempha depoziti, akatero yesani kwina.

Kusintha kwenikweniko sikuvuta. Mumalembetsa ku kampani yatsopano, iwowo ndi amene amauza yakale, inu simuimbira aliyense. Zimayenera kutha m'masiku 5 ogwira ntchito, akachedwa pa vuto lawo amakulipirani £40, ndipo muli ndi masiku 14 oti mutha kusintha maganizo osalipira chindapusa. Chomwe ndikukupemphani ndi ichi: tsiku losinthalo jambulani mamita onse awiri. Ya gasi nthawi zambiri imakhala panja mu kabokosi koyera pafupi ndi chitseko, kotsegula ndi kakiyi ka makona atatu, mkati muli akangaude ndi galasi lachifunga, pukutani ndi chala muyatse tochi ya foni manambala aoneke bwinobwino. Ya magetsi mwina ili pansi pa masitepe kuseri kwa hoover ndi nsapato. Olo muli ndi smart meter jambulanibe. Chithunzi chimenecho chili ndi deti, ndipo ndi chomwe chimathetsa mkangano makampani awiri akamakulipiritsani mayunitsi omwewo kawiri. Ngati mita yanu ikuonetsa manambala awiri, a masana ndi a usiku, nthawi zambiri ndiye kuti muli pa Economy 7, muonetsetse kuti tariff yatsopanoyo ndi ya mtundu womwewo.

Direct debit yakale musaithetse msanga, dikirani final bill. Akuyenera kuitumiza pasanathe masabata 6, ndipo ngati munali ndi ndalama yotsala mu akaunti akubwezereni m'masiku 10 ogwira ntchito kuchokera pa biluyo. Ambiri amathamangira £50 ya cashback kuyiwala kuti kampani yakale ikuwasungira yoposa pamenepo, makamaka ukasintha kumapeto kwa summer pomwe wakhala ukulipira osayatsa hita. Zikavuta lembani dandaulo pa imelo kuti pakhale umboni, pakatha masabata 8 osakonza mupite nalo kwa Energy Ombudsman, ofesi yoweruza madandaulo otere, ndi ulere.

Komanso wina akagogoda pakhomo kapena kuimba foni kuti muonetse bilu akupezereni deal yabwino, musamupatse. Pa bilupo pali nambala ya MPAN ya magetsi ndi MPRN ya gasi, ndi zimenezo plus dzina ndi adilesi munthu atha kukusamutsani musanavomere.

Kwa abale a ku Belfast omwe mumawerenga kuno, zonsezi ndi za England, Scotland ndi Wales, kwanuko woyang'anira ndi Utility Regulator ndipo price cap ya Ofgem siifika. Achemwali a ku Leicester, mukapeza ma kWh anu a pachaka ndi mitengo inayi ija nditumizireni manambala okhawo pa imelo, osati bilu yonse, tiwerengetsere limodzi musanadine linki ya mnzanuyo.