Yankho kwa aphunzitsi ofunsa za chiswe ndi chuku mulaibulale

Aphunzitsi, mwafunsa kuti mutani kuti mabuku amene sukulu yanu yalandira asathe ndi chiswe komanso chuku, poti dzinja layandikira ndipo ndalama palibe. Ena akuuzani kale kuti mupopere mankhwala. Koma ine ndifunse kaye: mabukuwo ali pati panopa? Ngati akadali m'makatoni, pansi, m'chipinda chimene kiyi wake amayenda ndi ahedi, vuto lanu lagona pamenepo.

Ndinasungako laibulale pa sekondale ina. Chaka china potsekera sukulu tinasiya makatoni pasimenti atatsamira khoma, tikuti tidzalongosola tikabwera. Tsiku lotsegulira nditanyamula katoni imodzi, pansi pake panatsala pomwepo. Zikuto zinali bwinobwino, koma kutsegula buku mkati munali dothi lokhalokha. Chiswecho chinadzera pa kamng'alu koti ngakhale kamtengo ka machesi sikangalowe.

Chiswe chimafuna mdima, chinyezi ndi malo amene munthu sapondako. Choncho mabuku achoke pansi lero lomwe. Shelefu yapansi italikirane ndi simenti masentimita osachepera 15, ndipo kuseri kwa mashelefu musiye mpata wolowa tsache. Achitsulo ndiye abwino, koma ngati muli ndi amatabwa, miyendo yake ikhale pa tizidutswa ta lata. Lachisanu lililonse wina ayende m'mbali mwa makoma kufufuza timisewu tadothi tija. Mukakapeza musangokaswa, katsateni mpaka pomwe katulukira, mumatepo simenti. Ngati mankhwala apezeka, athiridwe pansi ndi kunja m'mbali mwa maziko. Pamabuku ayi, paja ana athu amanyambita chala akamatembenuza tsamba.

Chuku chimamera chinyezi cha mumpweya chikapitirira pafupifupi 65 peresenti, ndipo m'chipinda chotsekedwa mu Januwale ndi Febuluwale chimapitirira ndithu. Mphuno ndi imene imayamba kudziwa: mukangomva kafungo ka zovala zosauma bwino, zayambika. Mankhwala ake ndi mphepo. Mvula ikakata tsegulani mawindo a mbali zonse, ndipo musathinitse mabuku pashelefu mpaka kuvuta kusolola. Buku lachuku lipatuleni, liume, kenako mukalipukutire panja ndi burashi youma yofewa mutavala masiki. Nsalu yonyowa imangolowetsa chukucho m'pepala.

Denga likadonthera mabuku muli ndi masiku awiri basi chuku chisanayambe. Apa ambiri timalakwa, timathamangira kukayanika padzuwa ngati chimanga. Dzuwa limapinda chikuto, mapepala n'kukwinyika. Buku lonyowa liimikeni pamthunzi podutsa mphepo, masamba atayanzika, ndipo pakatipakati muziikamo mapepala oyera osalemba n'kumawasintha akanyowa. Yambani ndi mabuku a mapepala oterera, a zithunzi aja, chifukwa amenewo akauma ataphatikana palibenso chochita.

Pomata mabuku ong'ambika, selotepi ndimadana naye. Amaoneka ngati wathandiza, koma pakapita zaka zingapo amakanganuka n'kusiya banga lachikasu losachoka. Guluu woyera wa akalipentala ndi kansalu kopyapyala zimagwira msana wa buku bwino kuposa apo, bola kupaka pang'ono. Mphira womangira nawonso amasungunuka n'kumatirira. Ana aphunzitseni kugwira buku pakati pa msana posolola, osati kukoka pamwamba ndi chala. Mandasi ndi zitumbuwa zitsale pakhomo, chifukwa nyenyeswa n'zimene zimaitana mphemvu ndi makoswe.

Tisaiwalenso moto. Mu Disembala 2015 laibulale ya yunivesite ya Mzuzu inapsa, mabuku zikwizikwi n'kusanduka phulusa, kuphatikizapo zolembedwa zokhudza dziko lathu zovuta kuzipezanso. Mabuku a silabasi mutha kupemphanso kwina, koma kaundula wakale wa ophunzira ndi buku lolembamo mbiri ya sukulu alipo amodzi okha. Ajambuleni tsamba ndi tsamba pafoni, zithunzizo zisungidwe malo awiri osiyana, pamodzi ndi mndandanda wa mabuku onse. Zikakhala zikalata zakalekale zimene zayamba kuthetheka, musazikonze nokha, funsani a National Archives ku Zomba, amene amasunga zikalata zakale za dziko lathu.

Komabe chimene ndikuumirira n'chakuti chipindacho chizitsegulidwa tsiku ndi tsiku. Buku limene likubwerekedwa limada ndithu, ngodya n'kupindika, koma chiswe sichilipeza. Ngati ahedi akuopa kuti ana aba, sankhani ophunzira awiri odalirika azilemba obwereka m'kope. Patchuthi wina azibwerabe kamodzi pasabata kudzatsegula ndi kusesa.

Mvula yoyamba isanagwe, lowani m'chipindamo masana dzuwa lili paliwombo, mutseke chitseko n'kuyang'ana kumwamba. Paliponse pamene malata akuonetsa kadontho ka kuwala, lembani choko pansi pake, musunthe shelefu, muitane wokhoma denga.