Seva Imachedwa Anthu Akachuluka: Kodi Ndiwonjezere Ma Connection?

Funso: Ndimayang'anira database (nkhokwe ya deta ya pakompyuta) ya PostgreSQL pakampani ina yaing'ono. Masiku wamba zonse zimayenda bwino, koma kumapeto kwa mwezi, antchito ambiri akamalowetsa malipiro nthawi imodzi, makina amachedwa kwambiri. Mnzanga wandilangiza kuti ndikweze max_connections, malire a ma connection amene database imalola nthawi imodzi, kuchoka pa 100 kufika pa 500. Kodi zimenezi zingathandize? Wowerenga wa ku Blantyre.

Yankho: Musafulumire kutsatira malangizowo. Mu PostgreSQL, connection iliyonse (kulumikizana kwa pulogalamu ndi database) imakhala process yakeyake yomwe imadya memory, ndipo zofunsa (ma query otumizidwa ku database) zoyenda nthawi imodzi zikaposa kwambiri ma core a purosesa, zimayamba kulimbirana purosesa, disk komanso mizere ya m'matebulo imene ikusinthidwa. Kulowetsa anthu 500 m'chigayo cha makina awiri sikufulumizitsa kugaya chimanga.

Choyamba yezani, ndipo muyezere pa seva yoyeserera, osati imene anthu akugwiritsa ntchito. PostgreSQL ili ndi chida chake choyezera liwiro chotchedwa pgbench. Lamulo la pgbench -i -s 50 limapanga tebulo la maakaunti la mizere 5 miliyoni, popeza -s ndi sikelo, ndipo sikelo iliyonse imabweretsa mizere 100,000. Kenako yesani ndi -c, chiwerengero cha makasitomala (ma connection oyeserera oyenda nthawi imodzi), pa 8, 16, 32, 64 mpaka 128, ulendo uliwonse kwa mphindi zosachepera zisanu, uku mukulemba tps, kutanthauza ntchito zomalizidwa pa sekondi, komanso nthawi imene ntchito imodzi ikutenga. Mudzaona kuti tps imakwera, kenako n'kuima, pamene nthawi yodikira ikupitirira kukula. Pamene tps yaimapo ndiye malire enieni a seva yanu.

Pali msampha umene ambiri amagweramo. Tebulo la pgbench_branches limakhala ndi mizere yofanana ndi sikelo, choncho sikelo ikachepa kuyerekeza ndi makasitomala, onse amalimbirana mizere yochepa yomweyo, ndipo zimene mukuyeza zimakhala kudikirana pamaloko otsekera mizere imene ikusinthidwa, osati mphamvu ya makina. Kuti muyese mpaka 128, sikelo ikhalenso 128 kapena kuposa, ndipo max_connections ya seva yoyeserera muikweze kuti iwalandire. Chabwino koposa ndi kupatsa pgbench zofunsa zanu zenizeni za malipiro mu fayilo kudzera pa -f, chifukwa ntchito imene pgbench imayesera payokha, yotengera muyeso wakale wa TPC-B, singafanane ndi ya kampani yanu.

Mukadziwa malirewo, ikani PgBouncer, chida chogawira ma connection, pakati pa pulogalamu ya malipiro ndi database, kuti antchito ambiri azigawana ma connection ochepa amene seva ingakwanitse. Onaninso shared_buffers, memory imene PostgreSQL imasungiramo deta yomwe ikugwiritsa ntchito, yomwe imayambira pa 128MB yokha. Malangizo a PostgreSQL amati pa seva yosungira database basi, ndi bwino kuyambira pa 25 peresenti ya memory.

Komabe, ine ndikukayikira kwambiri zofunsa zingapo zosalembedwa bwino. Yatsani pg_stat_statements, chida cholemba nthawi imene zofunsa zimatenga, mwezi usanathe, muone zofunsa zimene zikudya nthawi yochuluka, ndipo muzifufuze ndi EXPLAIN ANALYZE, lamulo loonetsa momwe funso likuyendera, pa seva yoyeserera. Mukapeza kuti funso likuwerenga tebulo lonse pofuna mizere yochepa, yambani ndi kuika index (mlozera wothandiza kupeza mizere mwachangu), kenako muyezenso musanasinthe china chilichonse.