Kujambula chombo chikugunda mwezi ndi telesikopu ya pakhomo

Achimwene, mwafunsa ngati mungathe kujambula chombo cha m'mlengalenga chikugunda mwezi pogwiritsa ntchito telesikopu ya pakhomo. Yesani ndithu, koma dziwani kuti mwayi wogwira kung'anima kwa kugundako ndi wochepa. Chombo chimagunda mwezi pa liwiro la makilomita pafupifupi 2 pa sekondi, choncho kuwala kwake kumakhala kofooka, ndipo kwambiri kumakhala kwa infrared, kuwala kosaoneka ndi maso. Chombo cha SMART-1 chitagwera pa mwezi mu 2006, chidajambulidwa ndi telesikopu ya mamita 3.6 ku Hawaii. Chombo cha LCROSS chitagwera m'chigwa cha pa mwezi cha Cabeus mu 2009, a matelesikopu ang'onoang'ono sadaone kanthu.

Yambani mwafufuza ngati pogwerapo pali kumbali yamdima yooneka kuchokera padziko. Ngati pakuwomba dzuwa, musadzivute. Telesikopu ikhale ya masentimita 20 kapena kuposa, kamera ya mono (yojambula zakuda ndi zoyera zokha) yotenga mafulemu (zithunzi) 30 mpaka 60 pa sekondi, ndipo fyuluta yotchinga infrared ichotsedwe. Mbali yowala ya mwezi ikhale kunja kwa chithunzi, apo ayi iphimba zonse. Nthawi muitenge pa GPS, wotchi ya kompyuta imataya. Sungani vidiyoyo mu mtundu wa fayilo wotchedwa SER.

Kadontho kowala pa fulemu imodzi yokha kawirikawiri ndi cosmic ray (kanthu kakang'ono kwambiri kochokera m'mlengalenga) yomwe yagunda sensa ya kamera. Musanalengeze chilichonse, tumizani vidiyoyo osaisintha kwa akatswiri a zakuthambo kuti aiyerekeze ndi yojambulidwa kumalo ena.