Geni ya ma TV kuchokera ku Joni: yankho kwa achemwali ofuna kuyamba

Achemwali, mwafunsa kuti geni ya ma TV ndi madikoda timaiyendetsa bwanji, komanso chifukwa chake TV yotchipa ku Joni ikafika ku Limbe imadula chonchi. Ndiyambe ndi njira, poti ndi pamene ndinasokonekera ineyo.

Basi ikanyamuka ku Blantyre imadutsa pa Mwanza ndi Zobue, kuwoloka Zambezi pa Tete, kulowa Zimbabwe pa Nyamapanda, kenako Harare, Masvingo, Beitbridge, Musina, Polokwane mpaka Park Station, siteji ya mabasi ku Joni. Konzekerani masiku awiri, mwinanso kuposerapo ngati pa Beitbridge pali mzere. Ulendo wanga woyamba ndinanyamula kapepala kamene anandilembera agogo aamuna, omwe anayendako njira imeneyi ali mnyamata. Analemba Salisbury, Fort Victoria, Messina, Pietersburg. Ndinagwira kapepalako maso ali pawindo, osaona dzina ngakhale limodzi pa zikwangwani, mtima uli phaphapha kuti ndakwera basi yolakwika. Mayi amene ndinakhala nawo mpando ndiwo anandimasulira kuti Salisbury ndi Fort Victoria zinasintha mu 1982 kukhala Harare ndi Masvingo, pomwe Messina ndi Pietersburg pano ndi Musina ndi Polokwane. Chimene chinandikhudza n'chakuti agogowo pocheza ankangoti "ku Halale". Dzina la eni nthaka linali pakamwa pawo nthawi yonseyi, la atsamunda ankalisungira papepala.

Kuno n'chimodzimodzi. Mchinji inali Fort Manning, Mangochi inali Fort Johnston, Nsanje inali Port Herald, ndipo Chipata ya ku Zambia inali Fort Jameson. Koma Blantyre ikadali ndi dzina la kwawo kwa David Livingstone ku Scotland, ngakhale ife timati ku Kabula. Ine mtima wanga uli ku mayina a makolo, chifukwa ndi amene amakuuzani kuti nthaka ndi ya yani. Koma pa geni dziwani onse awiri. Tauni ya Louis Trichardt ku South Africa anaitchapo Makhado, nkhani mpaka kukhoti, ndiye potumiza katundu kumeneko ndimalemba mayina onse.

Tibwere ku katunduyo. Musanalipire, werengani pa katoni ngati palembedwa DVB-T2, chizindikiro choti TV-yo imagwira yokha TV ya dijito popanda dikoda. Mayiko anagwirizana kuti pofika pa 17 June 2015 asiye kuulutsa TV mwachikale, ndipo kuno kunabwera dikoda ya Kiliye Kiliye. TV yakale imafuna dikoda ina pambali, ndiye kasitomala akazindikira kuti aonjezere ndalama amakubwezerani mokwiya. Mashopu akuluakulu a ku South Africa amafunsanso laisensi ya TV musanagule, ndiye musadabwe pa kauntala.

Pa boda musaname mtengo. Sungani malisiti onse m'chikwama cha m'manja, chifukwa a MRA amawerengera msonkho ndi VAT, ndipo akakayikira lisiti amaika mtengo wawo. Ena adzakuuzani za dongosolo la COMESA lochepetsera amalonda ang'onoang'ono vuto pa boda. Lilipodi, koma ndi la katundu wopangidwa m'mayiko mwathu muno amene ali pamndandanda, osati TV yochokera ku China. Onjezani tikiti, ndalama ya katundu m'ngolo ya basi, pogona, ndi marandi amene timawapeza movutikira. Mu November 2023 kwacha inagwa ndi 44 peresenti tsiku limodzi. Ndinali nditagulitsa pangongole, ndipo ndalama zitabwera sizinakwanire kuoda zomwe ndinagulitsazo. Kuyambira pamenepo ndimaika mtengo poganizira za kuoda kwa mawa, osati kwa dzulo.

Chimene chimandipweteka ndi ichi: kugula dikoda n'kophweka, chovuta n'kulipira mwezi ndi mwezi. Mapulogalamu ndi mpira makampani amagula ndi madola, ife timalandira makwacha. Mu August 2023 MultiChoice inachotsa DStv m'Malawi pa mkangano wa mitengo ndi MACRA, bungwe loyang'anira zoulutsa mawu ndi TV, idabwerera pambuyo pake, koma miyezi imeneyo mbale za satelayiti ndi madikoda zinangokhala m'mashelefu. Ndalowapo m'nyumba zambiri ku Ndirande momwe dikoda yafundidwa kansalu koluka, ikudikira malipiro kapena fainolo ya mpira. Choncho kasitomala ndimamufunsa kaye kuti pamwezi angakwanitse zingati, ndipo ngati n'zochepa ndimamuuza atenge yotsika mtengo, ngakhale ine ndipeze phindu lochepa.

Ulendo woyamba musatenge ma TV opitirira atatu. Akulungeni m'mabulangete, amene mudzagulitsenso, ndipo muimirire pomwepo akamapakira. Ine ndinapita kukagula madzi mphindi zochepa, TV ya mainchesi 43 anaigoneka pansi pa matumba, galasi linafika ku Blantyre litang'aluka pakati. Loweruka ndili ku shopu, bwerani ndi kope ndi cholembera tidzawerengere limodzi mpamba wanu.