Ana aakazi analipo atatu, koma dzina linawadumpha

Achemwali ena andilembera imelo. Akuti akhala akuwerenga za Edward de Vere, Earl wa Oxford wa nambala 17 (Earl ndi udindo wolowa m'magazi wa anthu olemekezeka ku England), ndiye akufunsa kuti zinatheka bwanji kuti udindowo udumphe ana ake aakazi atatu, Elizabeth, Bridget ndi Susan, n'kukagwera kamnyamata kobadwa pambuyo. Achemwali, mwanditokosa pachilonda, ndiye mundipirire.

Bambo anga atamwalira, ine ndinali woyamba kubadwa, koma wamkazi. Anthu asanabalalike n'komwe pamaliro, bambo aang'ono anali atayamba kale kuwerenga malata a padenga. Pamsonkhano wa banja anandituma kukaphika nsima, ati nkhani za chuma si za atsikana. Ndili kukhitchini ndinawaona akutulutsa makina osokera a amayi, ulusi ukadali pasingano, nsalu ya yunifomu ya mwana wa eni ikulendewera. Makinawo amayi anagula okha! Njinga inapita, wailesi inapita, ndipo amayi anangokhala pamkeka osayankhula kanthu. Mpaka lero munthu akanditchulira mawu oti "mwambo" pankhani ya chuma cha masiye, mtima umandiwira.

N'chifukwa chake Edward ameneyu sindimumvera chisoni ngakhale pang'ono. Anabadwa mu 1550, bambo ake anamwalira mu 1562, ndipo analeredwa m'nyumba ya William Cecil, nduna yodalirika ya Mfumukazi Elizabeth I. Mu 1571 anakwatira Anne, mwana wa Cecil yemweyo. Atabwerako ku Italy mu 1576 anakana mwana wake woyamba kuti si wake, n'kumusiya mkaziyo zaka zisanu. Mu 1581 anabereka mwana ndi Anne Vavasour, mtsikana wotumikira mfumukazi, mpaka anakagona nazo m'ndende ya Tower of London. Malo a makolo ake anagulitsa limodzilimodzi, kufikira mu 1586 pomwe mfumukazi inayamba kumupatsa £1,000 pachaka kuti asachititse manyazi. Munthu wotereyu anakhalabe Earl mpaka imfa yake mu 1604, popanda womufunsa. Lamulo linkasamala za dzina, za ana linalibe nazo ntchito. Anne atamwalira mu 1588, atsikana aja anawalera ndi agogo awo a Cecil. (Alipo ena amene amati Edward ndiye analemba masewero a Shakespeare. Zimenezo ine ayi, ndipo musandiyambe.)

Tsono yankho

Udindo wa Earl wa Oxford unkayenda m'magazi a amuna okha. Henry, wobadwa mu 1593 kwa mkazi wachiwiri, Elizabeth Trentham, ndiye analowa dzina. Iyeyu atamwalira mu 1625 wopanda mwana, alongo ake anadumphidwanso, dzina n'kupita kwa Robert de Vere, wachibale wapatali amene anali msilikali ku Netherlands.

Koma banjali linalinso ndi udindo wina wa kunyumba yachifumu, wa Lord Great Chamberlain, ndipo uwu anaulimbirana. Mu 1626 unaperekedwa kwa Robert Bertie, mwana wa Mary, mlongo wake wa Edward. Mchewa aliyense wodziwa kuti ufumu umalowedwa ndi mwana wa mlongo sangadabwe nazo zimenezi. Ine chimene chikundiwawabe n'chakuti apanso wopindula anali mwamuna.